Kalimidwe ka tsabola wowawa ndi ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba

Tsabola amamera yekha padzala kapena m'mbali mwa mpanda pamene mbalame inasiya njere, n'kubereka mpaka nthambi kuwerama. Koma munthu akati afese mwadala, zinthu zimavuta. Ena amadikira masabata atatu osaona kanthu pabedi. Ena mbande zimamera bwino, kenako zimagwa mmodzimmodzi zitawola patsinde. Enanso mtengo umakula wobiriwira bwino, maluwa n'kumangoyoyoka osagwira chipatso. Mavuto atatu onsewa kawirikawiri amachokera panazale ndi pa kathiriridwe, ndiye m'malangizo ano tikhalitsa pamenepo. Malo a mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi akukwanirani kulima tsabola wa chaka chonse pamodzi ndi ndiwo zamasamba zothyola mawa lililonse.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Khasu, chikwanje ndi reki ngati ilipo
- Keni yothirira yokhala ndi kasefa kake kumlomo. Ikasowa, chitini chachikulu choboola tizibowo ting'onoting'ono pansi
- Chingwe ndi zikhomo zoyezera mabedi
- Manyowa owola bwino, a khola kapena a kompositi: ndowa ziwiri pa mita iliyonse ya bedi
- Udzu wouma wopanda njere, wophimbira
- Timitengo ta mphanda ndi udzu wa kachisakasa ka panazale
- Phulusa la nkhuni, losefa
- Feteleza pang'ono ngati mungakwanitse: wokulitsa monga D Compound kapena NPK, ndi CAN wobereketsa
- Mbewu: tsabola, mpiru kapena repu, bonongwe, anyezi
- Mpanda wa udzu, bango, mapesi kapena matumba akale

Mpanda musauone ngati chinthu chodzachita mtsogolo. Nkhuku imodzi imapalasa nazale yonse pa nthawi imene inu mwapita kukatunga madzi, ndipo mbuzi sisiya ngakhale tsinde la repu.

Kusankha mbewu ndi nthawi

1. Sankhani mtundu wa tsabola molingana ndi chomwe mukumufunira. Kambuzi, uja wozungulira wachikasu kapena wofiirira, ndi wa fungo lokoma pa ndiwo ndi pa kanyenya, koma amachedwa kumera ndiponso kubereka. Uja wamng'onong'ono wosongoka, amene alimi ogulitsa amamutcha Bird's Eye ndipo amapangira sosi wa Nali, ndi wopirira ndipo amauma mosavuta. Pakhomo mitengo itatu kapena inayi ya mtundu uliwonse ndi yokwana.

2. Ngati mukutenga njere pa tsabola wapamsika kapena wa mnansi, tengani kwa tsabola amene wapsa kwathunthu, wochokera pamtengo wosadwala. Njere za tsabola wobiriwira sizinakhwime ndipo zambiri sizimera. Ng'ambani, chotsani njere, yanikani papepala pamthunzi masiku anayi kapena asanu. Samalani: tsabola amene anaumitsidwa pamalata otentha kapena pamoto amakhala ndi njere zakufa ngakhale akuoneka bwino. Mbewu ya m'paketi, yang'anani deti lake musanalipire.

3. Fesani nthawi yofunda. Njere ya tsabola imafuna dothi lotentherako, choncho kufesa mu Juni kapena Julayi kumadera ozizira monga Dedza, Ntcheu, Mzimba kapena Thyolo ndi kudzivutitsa chabe. Ngati muli ndi madzi othirira, fesani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Ngati mukudalira mvula, fesani mu Okutobala kuti mbande zidzakhale zokonzeka kuwokera mu Disembala mvula itakhazikika. Kumadera otentha monga Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Mangochi, kufesa mu Malichi kapena Epulo kumathandiza kuti maluwa adzabwere kutentha kwa Okutobala kusanafike.

Kukonza nazale

4. Pezani malo oomba dzuwa la m'mawa, pafupi ndi madzi, pamene simunalimepo tomato, fodya, mabiringanya kapena mbatata ya kachewere m'zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Mbewu zimenezi ndi pachibale ndi tsabola ndipo zimasiya matenda awo m'dothi. Nazale ya pakhomo siyenera kukula: mita imodzi mbali zonse ikwanira. Beseni lakale lobooka pansi kapena thumba lodula pakati lithanso kugwira ntchito, ndipo ubwino wake ndi woti mutha kulisuntha mvula yamphamvu ikabwera.

5. Gaulani mozama, phwanyani zibuma zonse mpaka dothi lifewe, kwezani bedi masentimita 15. Unjikani mapesi kapena udzu wouma pamwamba n'kutentha, monga amachitira alimi a fodya pa nazale zawo. Motowo umapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri ta m'dothi lapamwamba. Bedi likazizira, sakanizani ndi manyowa owola osefa. Samalani: manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amawotcha mizu ya mbande. Manyowa okhwima ndi akuda, ozizira mukawagwira, ndipo samanunkha khola.

6. Viikani njere m'madzi ofunda pang'ono usiku umodzi. Mawa lake thirirani bedi kaye, kenako lembani timizere ndi chala, totalikirana masentimita 10 mpaka 15. Kuya kwake kusapitirire sentimita imodzi, kapena kuti theka la chikhadabo mpaka chikhadabo chathunthu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amakwirira njere ya tsabola mozama ndipo imatha mphamvu isanafike pamwamba. Ikani njere imodziimodzi motalikirana zala ziwiri, waziranipo dothi losefa, tsindirani pang'ono ndi chikhatho.

7. Phimbani bedi ndi udzu wouma wopyapyala ndipo thirirani pamwamba pa udzuwo, m'mawa uliwonse, ndi keni ya kasefa. Osakhuthula madzi ndi ndowa chifukwa amakokolola njere. Tsopano dikirani. Tsabola wamba amatenga sabata imodzi kapena awiri, kambuzi atha kufika masabata atatu kapena kuposerapo nyengo ikakhala yozizira. Musafukule kuti muone, ndipo musagaule bedi n'kufesapo zina poganiza kuti mbewu yafa.

8. Kuyambira tsiku lachisanu chifesereni, vundukulani udzu pang'ono m'mawa uliwonse. Mukangoona timitu tatuluka, chotsani udzu wonse tsiku lomwelo ndipo mangani kachisakasa kotalika kufika m'chiuno, kofoleredwa mopyapyala kuti kuwala kudzidutsa. Udzu ukakhalitsa pa mbande zomera kale, zimatalika moonda, zotuwa, ndipo zimathyoka.

9. Chepetsani madzi mbande zikamera. Kuwola kwa patsinde, kuja kumagwetsa mbande ngati zatsinidwa pamene zakhudzana ndi dothi, kumabwera chifukwa cha chinyontho chosatha, mthunzi wambiri ndi kuthithikana. Lowetsani chala m'dothi: ngati muli chinyezi, siyani mpaka mawa. Thirirani m'mawa osati usiku, kuti masamba agone ouma. Patulirani pamene zamera mothinana. Mukaona zina zayamba kugwa, zulani pamodzi ndi dothi lozungulira, tayani kutali, dumphitsani kuthirira tsiku limodzi ndipo chepetsani udzu pachisakasa kuti mphepo ndi dzuwa zilowe.

10. Khwimitsani mbande kwa sabata imodzi kapena masiku 10 musanawokere. Chotsani udzu wa pachisakasa pang'onopang'ono mpaka mbande zizolowere dzuwa la tsiku lonse, ndipo muzithirira modumphitsa. Mbande yokonzeka imakhala ndi masamba enieni anayi mpaka asanu ndi limodzi, yotalika masentimita 10 mpaka 15, tsinde lolimba. Nthawi zambiri apa pamakhala patatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni.

Kukonza mabedi ndi kuwokera

11. Konzani mabedi mbande zikadali panazale. Mulifupi mukhale mita imodzi kuti muzifika pakati osaponda, ndipo siyani kanjira ka theka la mita. M'dzinja kwezani bedi masentimita 20 kapena kuposa, chifukwa tsabola akaima m'madzi masiku awiri okha mizu imayamba kuwola. M'chilimwe chitani mosemphanitsa: bedi likhale lolowa pansi pang'ono, lokhala ndi milambala m'mbali, kuti madzi othirira asathawe. Sakanizani manyowa ndi dothi masabata awiri musanawokere. Malo akhale oomba dzuwa maola osachepera 6. Pansi pa mango tsabola amachita masamba okhaokha.

12. Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani nazale ola limodzi musanazule, ndipo nyamulani mbande iliyonse ndi dothi lake pogwiritsa ntchito supuni kapena kamtengo kosongola. Osakoka ndi tsinde. Kumbani mapando otalikirana masentimita 60 mbali zonse. Kambuzi amatambalala kwambiri, mupatseni 75. Bzalani kuya komwe mbande inali panazale, tsindirani dothi ndi zala, thirirani pomwepo. Dzuwa likakhala laukali, zikani kanthambi ka masamba kumbali ya kumadzulo kwa mbande iliyonse kwa masiku atatu.

Kukafika m'mawa n'kupeza mbande yadulidwa patsinde ili gone, ndi mbozi ya m'dothi kapena nkhululu. Fukulani pafupi ndi tsindelo, nthawi zambiri mbozi imakhala itadzipinda pomwepo. Botolo la pulasitiki lodula kumwamba ndi pansi, lozikidwa mozungulira mbande, limaiteteza mpaka tsinde litalimba. Sungani mbande zingapo panazale zopakizira.

13. Ngati malo mulibe, monga zilili m'nyumba zambiri za lendi ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, bzalani m'thumba la feteleza lotsuka bwino kapena m'ndowa ya malita 20 yobooka pansi. Sakanizani magawo awiri a dothi, limodzi la manyowa ndi limodzi la mchenga wa kumtsinje. Mtengo umodzi pa ndowa imodzi. Za m'matumba zimauma msanga, choncho mu Okutobala zimafuna madzi tsiku lililonse.

Madzi, kuphimbira ndi chakudya cha mbewu

14. Phimbani bedi lonse ndi udzu wouma kapena masamba, kuchindikala kwa zala zinayi, koma siyani mpata wa zala zitatu kuzungulira tsinde kuti lisawole ndiponso chiswe chisalifike. Kwa amene amagula madzi pa kiyosiki kapena kulipira bilu, kuphimbira ndiye kumene kumapulumutsa ndalama, chifukwa bedi lophimbira limasunga chinyezi masiku angapo pamene lapoyera lauma kale madzulo ake.

15. Sabata yoyamba thirirani tsiku lililonse. Mbande zikagwira, thirirani mokhutitsa kawiri kapena katatu pa sabata, patsinde osati pamasamba. Kuwaza timadzi pamwamba tsiku lililonse kumachititsa mizu kukhala pamwamba, ndipo mtengo umafota dzuwa likangotentha. Chofunika kwambiri ndi kusasinthasintha. Mtengo womwe wakhala ndi ludzu sabata yonse kenako n'kumizidwa m'madzi umataya maluwa, ndipo zipatso zomwe zagwira zimada n'kuwola kunsonga. Madzi otsukira mpunga, masamba kapena otsukuluzira zovala ndi abwino. Okhala ndi Jik, mchere kapena mafuta ambiri ayi.

16. Patatha sabata imodzi kapena awiri chiwokereni, ikani kachitsekerero kamodzi ka botolo la Fanta ka feteleza wokulitsa pa mtengo uliwonse, m'kadzenje kotalikira zala zinayi kuchoka patsinde, kwirirani n'kuthirira. Maluwa akayamba, ikani CAN muyeso womwewo, ndipo bwerezani pakatha mwezi uliwonse pamene mukuthyola. Samalani ndi Urea: akachuluka, mtengo umasanduka chitsamba chobiriwira chopanda chipatso. Ngati feteleza palibe, dzanja limodzi kapena awiri a manyowa owola pa mtengo mwezi uliwonse, ndi phulusa lodzaza chikhatho kamodzi maluwa akamayamba, zikwanira pa dimba la pakhomo.

17. Maluwa oyambirira amene atuluka mtengo ukadali waufupi, osafika masentimita 30, athotholeni. Zimapweteka mtima, koma mtengo umapeza mpata wotulutsa nthambi ndipo umadzabereka zochuluka. Zikani kamtengo pambali n'kumangirira tsinde momasuka ndi luzi kapena kansalu, chifukwa nthambi za tsabola zimathyoka msanga zikalemedwa kapena kukaomba mphepo.

Ndiwo zamasamba pambali pa tsabola

Tsabola amatenga miyezi iwiri kapena itatu chiwokereni asanakupatseni kanthu, ndiye mipata ya pakati pake isakhale chabe.

18. Bonongwe fesani pomwepo pabedi, mutasakaniza njere ndi mchenga kuti zisathinane, osakwirira kwambiri. Pakatha masabata atatu kapena anayi mumayamba kupatulira n'kuphika zomwe mwazulazo. Amakonda nyengo yotentha. Mpiru, repu ndi chayinizi zimakondwa nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Fesani panazale, wokerani pakatha masabata atatu kapena anayi motalikirana masentimita 30, ndipo pothyola tengani masamba apansi, kusiya anayi kapena asanu apamtima. Izi zimafuna madzi ndi manyowa ambiri kuposa tsabola, choncho zipatseni bedi lawolawo. Anyezi ikani m'mphepete mwa bedi la tsabola motalikirana masentimita 10, salimbirana malo. Nkhwani bzalani pakona kuti uyange pampanda.

Fesani pang'onopang'ono, kamzere kamodzi masabata atatu aliwonse. Mukafesa paketi yonse tsiku limodzi, masamba onse amadzakhwima pamodzi kenako mumakhala mwezi wathunthu mukugulanso pamsika. Tomato, ngati mukumufuna, mulimeni bedi lakutali ndi tsabola chifukwa amapatsirana tizilombo ndi matenda.

Tizilombo ndi matenda

19. Kawiri pa sabata tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana kunsonga ndipo masamba amapindika. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pamtengo, dziwani kuti nsabwe zilipo. Tintchentche toyera timauluka mukagwedeza nthambi. Akangaude ofiira, ang'onoang'ono ovuta kuwaona, amabwera nyengo yotentha ndi youma, masamba n'kuchita timadontho totuwa ndi ulusi wopyapyala. Zikadali zochepa, fikisani ndi zala kapena tsukani ndi madzi. Zikachuluka, sungunulani supuni imodzi ya sopo wochapira wa mtanda m'malita 5 a madzi n'kupopera kunsi kwa masamba madzulo. Masamba a nimu okwana kilogalamu imodzi, osinja n'kuviika m'malita 5 usiku umodzi, kusefa n'kuthiramo sopo pang'ono, amathandizanso. Bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, chifukwa kupopera kamodzi sikupha mazira.

Madzi a fodya, amene ena amapopera pa mbewu zina, asafike pa tsabola kapena tomato. Fodya amanyamula kachilombo kamene kamachititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Wosuta asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande.

20. Mtengo umene wakwinyika masamba, wachita mawanga achikasu ndipo wapinimbira sudzachira; zulani n'kuwotcha usanapatsire anzake. Umene wafota mwadzidzidzi uli wobiriwira pamene dothi lili lonyowa, nawonso zulani ndi dothi lake, ndipo paphandopo musabzalenso tsabola kapena tomato. Mukazula n'kupeza mizu ili ndi timfundo totupa, muli tinyongolotsi ta m'dothi: bedi limenelo bzalanipo chimanga kapena anyezi nyengo zotsatira ndipo onjezerani manyowa. Mukafuna mankhwala ogula, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwasunge masikuwo. Mankhwala a thonje kapena fodya asapite pa ndiwo zomwe ana anu adye mawa.

Kuthyola, kuyanika ndi kusunga

21. Thyolani tsabola akasintha mtundu kwathunthu, pamodzi ndi kaphesi kake, m'mawa mame atauma. Gwirani nthambi ndi dzanja lina pothyola. Thyolani sabata iliyonse; wakupsa akakhalitsa pamtengo, mtengo umachepetsa maluwa atsopano, ndipo mbalame, zomwe sizimva kuwawa kwake, zimakuthyolerani.

22. Woyanika muyaleni mopyapyala pathandala kapena pamphasa yokwezeka, osati pansi. Tembenuzani tsiku lililonse ndipo lowetsani m'nyumba madzulo. Wauma akamachita phokoso mukamugwedeza m'dzanja ndi kuthyoka mukamupinda. Sungani m'botolo louma lotseka bwino. Aliyense amene wachita nkhungu tayani, osasinja pamodzi ndi wabwino. Kambuzi ali ndi mnofu wochindikala ndipo amawola asanaume, choncho mung'ambeni pakati musanayanike, kapena musinjeni ndi mchere ndi viniga kapena madzi a mandimu ambiri n'kusunga pozizira.

Valani jumbo m'manja pong'amba wambiri, ndipo sinjirani panja ana ali kutali. Manja akayamba kuwotcha, madzi okha sathandiza: pakani mafuta ophikira kenako sambani ndi sopo. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo, osatikita.

23. Mtengo ukatopa kubereka koma uli wathanzi, musauzule. Duleni nthambi kusiya masentimita 30, ikani manyowa, thirirani, ndipo udzaphukanso n'kubereka msanga kuposa mbande yatsopano. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zokolola zimachepa. Yambani ndi mbande zina pabedi lina.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kutaya mtima msanga panazale. Kambuzi wofesedwa nyengo yozizira amachedwa. Mupatseni mwezi wathunthu musanagaule bedi.

Kuthirira nazale m'mawa, masana ndi madzulo. Mbande zambiri za tsabola zimafa ndi madzi ochuluka kuposa zomwe zimafa ndi ludzu.

Kuwokera masana dzuwa lili paliwombo, mbande zosakhwimitsa, mizu ili pamtunda yopanda dothi.

Kuona maluwa akuyoyoka n'kuthamangira kuwonjezera feteleza. Onani kaye kathiriridwe ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kukatentha kwambiri maluwa amagwa ngakhale mtengo uli bwino. Phimbirani, thirirani mokhazikika, ikani kamthunzi kopyapyala ka masana, ndipo adzagwira kukazizirako.

Kubzala tsabola pabedi lomwelo chaka ndi chaka, kapena pomwe mwangozulapo tomato. Gawani dimba patatu n'kumasinthasintha: tsabola, kenako masamba ndi anyezi, kenako nyemba kapena chimanga chachiwisi.

Kusunga mbewu ya tsabola wowawa amene anabzalidwa moyandikana ndi tsabola wamkulu wosawawa. Njuchi zimasakaniza mungu, ndipo chaka chamawa mumakolola wosadziwika mtundu. Chimodzimodzi mbewu ya m'paketi yolembedwa F1: ana ake safanana ndi kholo. Mbewu yosunga itengeni pamtengo wathanzi umene uli patali ndi mitundu ina, iyanikeni pamthunzi, ikani mu envulopu yolembapo dzina ndi mwezi, ndipo mufese isanathe zaka ziwiri.